Nkhondo ya Alamu Awiri pa Dzina la Zelindira

Tcherani khutu, inu nonse amene munawoloka Zambezi pa Tete ndi kudinditsa mapasipoti anu pa chipata cha Ramokgwebana, pakuti ndikuti ndisimbe za nkhondo imene inagwedeza mzinda wa Gaborone kuchokera ku Extension 2 mpaka ku Block 10, nkhondo imene sinatuluke m'nyuzipepala iliyonse chifukwa atolankhani a masiku amenewo analibe mtima wofika kumene mivi inkagwera. Zinachitika m'chaka cha chilala, damu la mzindawo litaphwa mpaka kuonetsa matope ake, pamene kuthirira maluwa ndi paipi unali mlandu. Inali nyengo imene makaseti a vidiyo ankatsikira kulichete ndipo zimbale zonyezimira za DVD zinkalowa ufumu, zikugulitsidwa m'zikwama pa siteshoni ya mabasi pakati pa masokosi ndi mabatire.

Mbali imodzi kunali a Solomon Likongwe, Mgwada-pa-simenti, Mkango wa m'Mabafa, iwo amene diso lawo linali lowongoka kuposa chingwe cha mmisiri, amene anayala matailosi m'nyumba zatsopano za ku Block 10 kufikira mawondo awo anauma ngati chikopa cha ng'oma. Anabadwira pa komboni ya mgodi ku Kadoma, m'dziko la Zimbabwe, kwa bambo wa ku Dedza amene anapita kukagwira ntchito ya kanthawi n'kukhalako mpaka imfa. Chichewa chawo chinkayenda motsimphina, chitatsamira ndodo ya Chishona, koma chinkafika kumene chikupita.

Mbali inayo kunali a Morton Chimphonda, Mphiri ya Cholembera Chofiira, Namondwe wa Fomu Faifi, mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ya mumzindamo, amene sanaonekepo pagulu opanda tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene phula la mumsewu limamata ku nsapato. Ankakhala ku Extension 2 m'nyumba yakale ya mitengo ya jakaranda, pamodzi ndi akazi awo a Melissa ndi mabuku ochuluka kuposa mipando.

Chimene chinamanga ngwazi ziwirizi pa chingwe chimodzi anali a Louisa, namwino wodziwa ntchito yake, mlongo wa a Morton ndi mkazi wa a Solomon. A Morton anavomera ukwati umenewo monga munthu amamwera mankhwala a malungo: anameza, koma nkhope inaulula zonse. Komabe mtendere unalipo. A Morton anabwereka banja latsopanolo makina awo oonetsera zimbale, ndipo a Solomon anayamba kuwayalira alamu awo matailosi m'bafa, mwaulere, masiku amene anapeza mpata.

Tsono pa makina obwerekawo, nthawi yonse imene a Louisa anali oyembekezera, a Solomon ankaonera filimu imodzi yokha, imene dzina lake tingalimasulire kuti Mlatho wa Mkuwa. Inali nkhani ya dziko losakhalako, la ziphona za maso amoto ndi mafumu okwera akavalo. M'menemo munali mfumukazi ya tsitsi lofika m'chiuno, ya malupanga awiri, imene inaima yokha pa mlatho ndi kubweza gulu lonse la adani. A Solomon anaionera mpaka chimbalecho chinayamba kuchita chibwibwi.

Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, chisamba. Mchombo utagwa, Loweruka lina masana, anthu anasonkhana ku Block 10, m'nyumba yosapaka pulasitala kunja, fumbi la simenti la nyumba yoyandikana likulowera pa zenera. Analipo a Beston, mkulu wa mpingo wa Amalawi, munthu wofatsa amene sanakanepo tiyi m'moyo wake. Analipo Mma Kenneth, Mtswana wa tsidya la mpanda, amene Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo koma phwando ankalimva lonse. Ndipo a Morton anakhala pa mpando wabwino kuposa yonse, monga ayenera malume.

A Solomon anaimirira, nanyamula mwana ndi manja awo okhakhala, nalankhula.

"Abale ndi alongo, mwana uyu wabadwira m'dziko la eni. Adzafunika mtima wa chitsulo. Ndamupezera dzina la mkazi amene anaima yekha pa mlatho, adani ali ngati dzombe, osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Dzina lake ndi Zelindira!"

Amayi analuluta, ngakhale mmodzi wa iwo anamveka akufunsa mnzake kuti, "Alindira chiyani?" Koma a Morton anatsamwa ndi Fanta. Anatsokomola, anapukuta tayi, naika botolo pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotula chida asanasolole china.

"Alamu, mwati ndani?"

"Zelindira, tsano. Wa mu Mlatho wa Mkuwa," anayankha a Solomon, amene mlamu ankamutcha tsano monga mwa Chishona.

"Kodi bukulo munaliwerenga?"

"Buku lanji? Ndi filimu."

Pamenepo Namondwe wa Fomu Faifi anaimirira, nakonza magalasi, nalankhula ndi mawu amene ankagwetsa nawo mphwayi ana a sukulu a kumbuyo kwa kalasi.

"Filimuyo, alamu, ndi mwana wa buku, ndipo ndi mwana wolowerera. Ine bukulo ndinaliwerenga ndili ku koleji ku Zomba, magawo onse atatu, anzanga akuthamangira atsikana. Ndikukuuzani pamaso pa mpingo kuti m'bukumo mulibe mfumukazi, mulibe tsitsi, mulibe malupanga awiri. Zelindira ndi bulu. Bulu wamkazi wa wophika wa asilikali, wonyamula mapoto. Opanga filimuwo anamuvula bulu dzina n'kuliveka mtsikana wooneka bwino."

Mma Kenneth anakoka dzanja la malaya a a Beston nafunsa kuti bulu n'chiyani. A Beston, chifukwa anali munthu wosanama, ananong'ona kuti, "Tonki." Mma Kenneth anaseka mpaka duku linagwa, ndipo kuseka kunayaka m'nyumba monse ngati moto wa lupsa.

Nkhope ya Mkango wa m'Mabafa inada bii.

"Aiwa, tsano! Ine ndinamuona ndi maso angawa. Bulu angagwire bwanji malupanga awiri? Inu mukukhulupirira mapepala, ine ndikukhulupirira maso."

"Ine ndine mwini mbumba," anatero a Morton. "Ndili moyo, mwana wa mlongo wanga sadzatchedwa dzina la chiweto."

"Mukutero chifukwa ndine wa matailosi. Likanakhala dzina lochokera kwa dokotala mukanawomba m'manja."

"Ndikutero chifukwa ndi bulu!"

Atanena izi a Morton anapita ku kona, nazula makina awo ku khoma, nawakhwapatira, natuluka zingwe zikukokeka pansi, ngati wogonjetsa wonyamula ng'oma ya adani. Mwana anabwezedwa m'manja mwa amake wopanda dzina.

Umo ndimo nkhondo inayambira, ndipo inakula msanga. A Solomon anachotsa asilikali awo ku Extension 2: anatenga zida zawo zonse n'kusiya bafa la alamu awo litagumulidwa, khoma lina lovala, lina lamaliseche, mpope utatsekedwa ndi chiguduli. Kuyambira tsikulo a Melissa, mayi wa ulemu wake amene ankagwira ntchito ku banki, ankasamba m'beseni kuseri kwa nyumba, atatchinga ndi chitenje, akutchula dzina la amuna awo ndi mawu osayenera kulembedwa.

Mpingo unagawika pakati. Kunali gulu la Abuku, la aphunzitsi, owerengera ndalama ndi ena a mataye, amene ankalumbira kuti buku ndiye mwini nkhani, ngakhale ambiri mwa iwo anali asanalione n'chikuto chomwe. Kunali gulu la Akanema, la amisiri, madalaivala ndi amayi oluka tsitsi, kuphatikizapo dokotala wina amene analowa mobisa chifukwa ankaikonda mfumukaziyo. Kukwaya, a besi anakana kuima pafupi ndi a tena. Wina wa Abuku analira ngati bulu a Solomon akukwera kombi. Akanema anabwezera powapatsa a Morton dzina loti Njenjete, wodya mapepala. A Beston anayenda ulendo wa mtendere kangapo pakati pa malinga awiriwa, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi mimba yodzaza tiyi ndi manja opanda kanthu.

Koma amene nkhondoyi inamudya mnofu anali a Louisa. M'dziko la Botswana mayi akabereka amasiya dzina lake n'kuyamba kutchedwa ndi dzina la mwana, ndipo ulemu umenewo a Louisa anaudikira kuyambira tsiku limene anafika m'dzikomo. Tsopano m'mawa uliwonse akayanika matewera, Mma Kenneth ankasuzumira pa mpanda.

"Dumela, Mma... Mma mang? Tikuitane mayi a ndani?"

A Louisa ankamwetulira, kenako n'kukalira m'chipinda. Mwana wawo ankatchedwa Uje. Amuna awo anthu ankawaitana kuti bambo a Uje, ndipo iwo ankavomera mopanda manyazi. Makolo onse anali atagona ku Ntcheu. M'dziko lonselo wa magazi awo anali mmodzi yekha, mchimwene wawo, ndiye ameneyo ankawoloka msewu akaona amuna awo. Tsiku la ubatizo linali kuyandikira, ndipo abusa anali atanena kale kuti madzi sathiridwa pa munthu wotchedwa Uje.

Tsiku lina anabereka mwana kumbuyo, nakwera kombi mpaka ku Extension 2, natumiza uthenga pa foni kwa amuna awo kuti afike pomwepo ngati akufunabe kukhala pa banja. Ngwazi ziwirizo zinakhala moyang'ana kumbali, wina kum'mawa, wina kumadzulo.

"Achimwene," anatero a Louisa, "filimuyo munaionera?"

"Ine sindionera zinyalala."

"Bambo a Uje, bukulo munaliwerenga?"

"Ndili ndi ntchito ine."

"Ndiye kuti nonse awiri mukukanganira mtundu wa chitenje muli chitsinzinire. Mvetserani. Loweruka m'mawa achimwene awerenga bukulo mokweza, akumasulira, inu mukumva. Masana filimu, achimwene akuonera. Wothawa wagonja. Mukakana, ndikwera basi ndi mwanayu mpaka ku Ntcheu, akamutche azakhali, ndipo mukudziwa kuti ana awo anawatcha Mavuto, Manyozo ndi Nditani."

Poopa azakhali, ngwazi zonse ziwiri zinavomera.

Loweruka linafika ndi dzuwa lake lowotcha. Pansi pa jakaranda panaikidwa mipando. A Beston anakhala pakati monga woweruza, Mma Kenneth monga mboni ya dziko, a Melissa ndi a Louisa chapatali pang'ono ndi mwana. A Solomon anafika atavala magalasi akuda, napinda manja pachifuwa, nakhala ngati mwala wa pa phiri la Kgale. A Morton anatulutsa buku lonenepa ngati njerwa, nanyambita chala, nayamba.

Anawerenga za bulu amene wophika wa asilikali anamugula motsika mtengo kutsidya kwa mtsinje. Anthu a tsidya lino ankamutcha bulu wa kutsidya. Asilikali atawoloka naye kupita kwawo kumene anabadwira, anthu a kumeneko anamugenda, akuti ndi bulu wa adani. M'khola la akavalo sankaloledwa. Ankagona panja, pafupi ndi phulusa. Mapoto a gulu lonse anali pamsana pake, ndipo palibe amene ankadziwa dzina lake kupatula wophikayo.

Mwala wa pa Kgale unasuntha pang'ono pa mpando.

Anawerenga za tsiku la nkhondo, pamene okwera akavalo, ndi nthenga zawo za kumutu, anathawa ziphona n'kuwoloka mlatho wopapatiza uja. Bulu anali womaliza. Atafika pakati penipeni anaima. Sanaime chifukwa cha kulimba mtima, linatero bukulo, koma chifukwa anali atatopa ndi kuthamangitsidwa, lero tsidya lino, mawa tsidya lija, ndipo anaganiza mumtima mwake kuti pamene waimapo ndiye kwawo. Ziphona zinamukankha, zinamumenya, iye anangozika ziboda, mapoto akulira ngwe ngwe ngwe, ndipo panalibe njira yomulambalala. Anaima mpaka thandizo linafika. Nkhondo itatha, oimba anapeka nyimbo zotamanda okwera akavalo, ndipo buluyo anapatsidwa madeya odzaza dzanja.

A Solomon anavula magalasi.

"Tsano, bwerezani pamene pakuti pamene waimapo ndiye kwawo."

A Morton anabwereza. Ndipo onse anaona chimene mzinda wa Gaborone unali usanaonepo: misozi ikutsika m'masaya a Mkango wa m'Mabafa, ikusiya tinjira m'fumbi la simenti.

"Bulu ameneyu ndikumudziwa," anatero ndi mawu osasa. "Ndi mdhara wanga, bambo anga. Ku Kadoma ankatitcha a ku Bulantaya. Nditapita ku Dedza kukaona kwathu, anati kwabwera Mzimbabwe. Kuno ndine mokwerekwere, mlendo wonyozeka. Mzungu amene analemba izi anatidziwira kuti?"

A Morton anatseka buku mwaulemu, nkhope ikuwala ndi chigonjetso, ndipo anaona kuti nkhondo yatha. Sanadziwe kuti masana anali kuwadikira.

Atadya, makatani anatsekedwa, makina ogwidwa ukapolo aja analumikizidwa ku khoma. A Morton anakhala kutsogolo ndi pepala ndi cholembera chawo chofiira, kuti alembe bodza lililonse. Poyamba cholemberacho chinagwira ntchito yaikulu. "Bodza! Mfumuyi inali ya dazi." "Bodza! Mudzi uwu unapsa m'gawo lachiwiri." "Bodza! Munthu uyu sanabadwe n'komwe."

Kenako ng'oma zinayamba kugunda, mitambo inang'ambika, ndipo mlatho unaoneka. Cholembera chinaima m'malere. Zaka zonsezo, powerenga bukulo, a Morton ankauona mlathowo m'maganizo mwawo ngati kamlatho ka pa Likangala ku Zomba, koti njinga ziwiri n'kupatukirana movutikira. Apa unali chinthu chofiira ngati makala, cholenjekeka pamwamba pa phompho lopanda pansi, mbalame zikuuluka kunsi kwake. Ndipo pakati pake panatulukira mfumukazi ija, mphepo ikukupiza tsitsi lake, nisolola malupanga onse awiri nthawi imodzi.

Cholembera chinagwa, chinagubuduka mpaka kunsi kwa sofa, ndipo mwini wake sanachifunefune. Chiphona china chitayamba kunyang'ama kuseri kwa mfumukaziyo, Mphiri ya Cholembera Chofiira, munthu wa madigiri awiri, anapezeka ataimirira pa sofa, tayi ili paphewa, akufuula.

"Kumbuyo, mayi! Kumbuyoko! Mubaye ameneyo!"

"Ine ndikusamba m'beseni ngati mwana wakhanda," anatero a Melissa osatembenuka, "koma simunandifuulirepo ndi chikondi chotere."

Pamene zonsezi zinkachitika, a Solomon, amene filimuyo ankaidziwa ngati chikhatho chawo, ankaionera ngati munthu wobwerera kumudzi n'kupeza nyumba yake muli alendo. Ankang'ung'udza chapansipansi. "Mapoto ali kuti? Wophika ali kuti?" Mayina a opanga filimu atayamba kukwera pa galasi, analumpha.

"Akuba! Mbavha! Anachotsa wantchito n'kuikapo wokongola! Ndi mmene amachitira nthawi zonse: nyumba ikatha, pa chithunzi pamaima mwini wake ndi suti, woyala matailosi atamutulutsira khomo la kuseri. Filimu iyi ndi bodza kuyambira kumutu mpaka kumchira!"

A Morton anatsika pa sofa, nabweza tayi m'malo mwake, nayankha ndi ulemu wa munthu wongotembenuka mtima kumene.

"Pepani alamu, musaweruze mwaphuma. Filimu ili ndi malamulo ake. Buku limatha kulowa m'mutu mwa bulu n'kutiuza zimene akuganiza. Kamera ingathe kungotionetsa makutu ake. Ndani angakhale pansi masana onse kuonera bulu ataima? Anthuwa sanabe. Anamasulira."

"Anamasulira bulu kukhala mkazi? Tsano, mwana wasukulu atakumasulirani choncho mungamupatse malikisi angati?"

"Imeneyo ndi nkhani ina. Chimene ndikunena n'chakuti ndinalakwitsa pa za dzina. Mwanayu akhale Zelindira."

"Zelindira ndiye dzina lake, palibenso lina!" anavomereza a Solomon.

A Beston anaimika manja kumwamba, nayamba nyimbo yothokoza. Koma anafulumira.

"Zelindira wa malupanga awiri," anawonjezera a Morton.

"Zelindira wa mapoto," anatero a Solomon.

"Alamu, mwana wa mlongo wanga sangatchedwe dzina la bulu. Ndi dzina la mfumukazi."

"Mfumukazi yakuba dzina! Mwana wanga ndikumutcha dzina la mwini wake weniweni, wa m'buku!"

"Wa mufilimu!"

"Wa m'buku!"

Ndipo nkhondo yachiwiri inabuka, yoopsa kuposa yoyamba, pakuti tsopano aliyense ankamenya ndi chida cholanda kwa mnzake. A Solomon anakumbatira buku lonenepa lija pachifuwa ngati chishango. A Morton anatukula chimbale m'mwamba, chikunyezimira ngati nkhwangwa. A Beston analowa pakati napondedwa chala. Mwana anadzidzimuka nayamba kulira, kulira kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali akutchedwa Uje ndipo zamukwana.

Pamenepo a Louisa anaimirira. Sanali wamtali, koma anali namwino amene anagonekapo amuna oledzera a mu wodi ya ovulala ndi liwu lokha.

"Lekani!"

Mawindo ananjenjemera. Buku linatsika. Chimbale chinatsika. Ndipo mwana anasiya kulira nthawi yomweyo, natsegula maso, nayang'ana amake ngati munthu woitanidwa.

Mma Kenneth anawomba m'manja. "Go lekane! Kwathu kuno mawu amenewo akutanthauza kuti zakwana."

A Louisa anayang'ana mwana, anayang'ana amuna awo, anayang'ana achimwene awo.

"Mwaona nonse kuti wavomera. Dzina lake ndi Lekani. Amene akutsutsa abereke wake."

Panalibe wotsutsa. A Solomon anayesa dzinalo pakamwa, "Baba vaLekani, bambo a Lekani," ndipo anapeza kuti likukoma. A Morton anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti ndi mneni wolamula, koma a Melissa anawaponda phazi, ndipo galamalayo anafera m'kamwa.

Lamulungu lotsatira mwana anabatizidwa, Abuku ndi Akanema ataima mosakanikirana, a besi ndi a tena akuimba nyimbo imodzi. Koma potuluka m'tchalitchi a Beston anadzutsa mfundo imene inavutitsa mitima ya onse: dzina limene anthu analimenyera nkhondo yotere silingatayidwe kudzala ngati chiguduli. Liyenera kupeza mwini. Ndipo ngwazi ziwirizo, kwa nthawi yoyamba chikwatire a Louisa, zinagwirizana pa chinthu chimodzi: dzinalo libwezedwe ku mtundu umene linachokera.

Motero masana omwewo mdipiti wa magalimoto unatuluka mumzinda kulowera kummwera, njira ya ku Mokolodi, malipenga akulira, amayi akuimba, kumbuyo kuli mbaula, nyama ndi makireti a zakumwa. Pafupi ndi mpanda wa malo osungira nyama zakutchire anapeza chimene ankafuna: mkulu wina wa chipewa chophwanyika, atakhala pa ngolo ya nkhuni yokokedwa ndi abulu awiri otuwa. Anamuzungulira. Anamupatsa moni wa dumela rra, anamupatsa mpando, anamupatsa nyama yowotcha. A Solomon anatulutsa tailosi yoyera yoboola pakati, yomangidwa pa chingwe, kuti ikhale mendulo. A Morton anavula tayi yawo pagulu, chinthu chimene chinachititsa amayi ena kugwira pakamwa, kuti aimange m'khosi mwa wolandira dzina. Kenako analankhula mawu aatali okhudza mlatho, mapoto, malupanga ndi ubale wa buku ndi filimu, Mma Kenneth akumasulira m'Chitswana chimene anachifupikitsa kwambiri.

Mkuluyo anamvetsera zonse, akutafuna modekha. Atameza nthuli yomaliza anapukuta manja pa buluku nayankha, Mma Kenneth akubweza mawuwo m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Akuti ke a leboga, zikomo, nyama yakoma. Koma akuti pali mavuto awiri. Loyamba, abulu onsewa ndi amuna."

Anthu anawerama, nayang'ana, naona kuti mkuluyo sananame.

"Lachiwiri, akuti ali nawo kale mayina. Wa kumanjayu ndi Tichere, ndiye kuti mphunzitsi."

"Tichere?" anafunsa a Morton. "Chifukwa chiyani?"

"Akuti amalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma palibe amene amamumvera."

A Solomon anaseka mpaka anagwira tayala la ngolo kuti asagwe. "Nanga mnzakeyu?" anafunsa akupukuta misozi.

"Ameneyo akuti ndi Konteraka, mmisiri wa zomangamanga. Ukamuuza kuti tiye, amakuyang'ana ngati akuti mawa."

Apa anali a Melissa amene anaseka kuposa onse, ndipo kuseka kwawo kunathamangitsa nkhanga kutsidya kwa mpanda.

Ngwazi ziwirizo zinayang'anana pamwamba pa misana ya abulu. Kenako, mwa ulemu woyenera mafumu, a Solomon anakoleka mendulo ya tailosi m'khosi mwa Tichere, a Morton anamanga tayi yawo m'khosi mwa Konteraka, nagwirana chanza pakati pa makutu anayi aataliwo. A Beston anatukula botolo la Fanta nafuula mfuu ya Atswana yoitana mvula kuti, "Pula!" Khamu lonse linayankha kuti, "Pula!" Tichere anatukula mutu nayamba kulankhula, Konteraka anagona pansi pomwepo ndi tayi yake, ndipo Lekani, mwini nkhondo yonse, anali m'tulo kumsana kwa amake, osasamala za buku kapena filimu.

Umo ndimo inathera nkhondo ya alamu awiri. Amene akukayika mbiri imeneyi apite yekha pa njira ya ku Mokolodi akafunse mboni ziwiri zotuwa zija: imodzi idzamuyankha mpaka dzuwa kulowa, inayo idzamuuza kuti abwere mawa.